Wapaulendo Sauzidwa

Chaka chimene ndinakwera ndege koyamba ndi chomwecho chimene amuna anga anadulidwa chala cha kuphazi chifukwa cha shuga. Mpaka lero anthu a kuno kufupi ndi Kabudula amatchula ziwirizi pamodzi, ena monditonza, ena mondimvera chisoni. Onsewo amandinyansa chimodzimodzi.

Ndinali mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo pa parishi yathu ndinkatsogolera amayi. Kunabwera uthenga wakuti ku Jeremani kuli msonkhano wa atsogoleri a Chikhristu ochokera m'maiko ndi m'mipingo yosiyanasiyana, ndipo akufuna mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi odziwa Chizungu. Bambo mfumu anasankha ine ndi a wapampando a parishi. A wapampandowa anali mlimi wamkulu wa fodya, munthu wosatha kumaliza chiganizo popanda kunena kuti "ife akuluakulu". Sitinkadana, komanso sindinganame kuti ndinkawakonda.

Ulendo utayandikira, bala la amuna anga linakana kupola. Phazi linatupa n'kuyamba kuda, ndipo tinawagoneka ku chipatala cha mishoni. Ine ndinawadwazika, ndikugona pansi pambali pa bedi lawo, ndipo mumtima ndinali nditausiya kale ulendowo. Iwo ndi amene anakana.

"Amake ana, pitani," anatero. "Langali ndi phazi chabe. Mukatsala, alongo anga adzati mukudzionetsera. Mukapita, adzati mwandithawa. Ndiye bola anene inu mutaonako kunja."

"Ndipite, koma muzindiyimbira," ndinawauza. "Tsiku lililonse ndizimva mawu anu. Tsiku limene simudzayimba ndidzadziwa kuti zavuta, ndipo ndidzabwerera."

Anaseka, nati sankadziwa kuti anakwatira wapolisi. Koma analonjeza, ndipo amuna anga sanali munthu wolonjeza chisawawa.

Alongo awo aja, alamu anga, ndi amene anatsala akuwadwazika pamodzi ndi mwana wathu wamkazi. Ine ndinakwatiwa chitengwa, ndinasiya kwathu ku Nambuma n'kudzakhala pamudzi pa amuna anga, ndipo alamu angawo sanaiwale tsiku ndi limodzi lomwe kuti ndine wobwera. Ponditsanzika anayang'ana sutukesi yanga, osati ine.

Masiku oyamba ku Jeremani zinayenda monga tinapanganira. Tinkagona m'nyumba yaikulu ya mpingo, tikudya buledi wouma ngati njerwa, ndipo masana tinkakhala m'magulu kukambirana za utsogoleri wotumikira. Pa nthawi yopuma ndinkathamangira pakona pamene intaneti inkagwira bwino, foni n'kulira. Amuna anga ankafunsa zinthu zawo zomwezo: kodi kumeneko amalima chiyani, ng'ombe zake n'zazikulu bwanji, kodi a wapampando aphunzira kudya ndi foloko. Mawu anali ofooka, koma nthabwala zinalimo. Ndinkabwerera m'gulu mtima uli pansi.

Kenako tsiku lina foni sinalire. Ndinayimba ine, inangoitana osayankhidwa. Ndinayimbanso, ndinapeza yazimitsidwa. Mwana wanga analemba mawu ochepa: musadandaule amayi, netiweki ikuvuta. Mwana ameneyu ndinamubereka ndekha ndipo ndimamudziwa. Akamalemba salekeza, amandiuza ngakhale za nkhuku imene yaswa. Uthenga waufupi chonchi sunali wake.

Ndinapita kwa a wapampando. Ndinawapeza akudzijambula pafupi ndi maluwa.

"Bambo, kunyumba sakuyankha. Ndithandizeni, ndikufuna kubwerera."

"Mayi, khazikani mtima pansi," anatero akubisa foni m'thumba. "Ndalankhula nawo m'mawa womwe uno. Adokotala awaletsa kulankhula kwambiri, basi. Mukufuna mutichititse manyazi pamaso pa maiko onsewa chifukwa cha netiweki ya ku Kabudula?"

"Mwalankhula ndi ndani?"

"Ndi alamu anu. Zonse zili m'manja mwa akuluakulu. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, eti?"

Ndinawakhulupirira, chifukwa munthu amakhulupirira chimene akufuna kumva. Komanso pasipoti ndi matikiti zinali m'chikwama chawo, ndipo ine sindinkadziwa ngakhale basi yopita ku bwalo la ndege.

Kuyambira tsiku lotsatira anthu a pamsonkhanopo anasintha. Mayi wina wa ku Brazil, amene poyamba ankangondigwedezera mutu, anandikumbatira pakhomo la chipinda chodyera n'kulira paphewa panga. Abusa ena a ku India anandisiyira mpando wawo. Mtsikana wotumikira tiyi ankandiikira keke yowonjezera osandiyang'ana m'maso. Aliyense ankandiuza m'Chizungu kuti ndine mayi wolimba mtima. Ine ndinayesa kuti akukamba za mawu amene ndinalankhula m'gulu, onena za amayi a m'miphakati yathu amene amasamala odwala. Ndinanyada. Ndinati, kani mphunzitsi wa kumudzi akhoza kuliza dziko lonse.

Panali madzulo ena oti dziko lililonse lionetse kapembedzedwe ka kwawo. A wapampando anandikakamiza kuti nditsogolere nyimbo, poti iwo mawu awo ndi oitanira ng'ombe. Ndinamanga chitenje, ndinayimba nyimbo ya chopereka ija timavina popita kutsogolo, ndipo ndinavina ndithu, mpaka kuliza nthungululu. Holo yonse inaimirira. Ena ankalira poyera. A wapampando anajambula zonsezo n'kutumiza pa gulu la foni la parishi yathu.

Tsiku lotsekera, mlaliki wamkulu analankhula za mtengo wa utsogoleri. Anati pakati pathu pali mayi wina amene Mulungu wamupempha chinthu chachikulu kuposa tonsefe, ndipo iye akutumikirabe mokondwera, osadziwa kukula kwa nsembe yake. Anati tisamutchule dzina, koma timuombere m'manja. Anthu anaomba, ambiri akucheukira mbali yathu. Inenso ndinacheuka kufunafuna mayiyo. Ndinaomba m'manja mwamphamvu mpaka zikhatho kuwawa, ndikumumvera chisoni munthu wosamudziwayo.

M'ndege a wapampando anagona njira yonse. Ku bwalo la ndege ku Lumbadzi kunabwera galimoto ya parishi, ndipo dalaivala, amene masiku onse ndi wolongolola, anangoti takulandirani. Ndinati tidzere ku chipatala. A wapampando anati ayi, tiyambe tatula katundu kunyumba.

Titapatuka pa msewu wafumbi wolowera kumudzi ndinaona masamba aja amaika pamsewu pakagwa maliro. Anali ouma kale, atakankhidwira m'mbali ndi matayala. Pakhomo pathu panali phulusa la moto waukulu, mabenchi a kutchalitchi atasanjidwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo mipando yanga ya m'nyumba inali pakhonde. Udzu wonse wa pabwalo unali utapondedwa. Palibe anafunika kundiuza kanthu, komabe anandikhazika pamphasa, akuluakulu n'kukhala mondizungulira, kuti andiuze mwa mwambo.

Mwambowo ndimaudziwa ndipo sindinkautsutsa. Munthu wa paulendo samuuza maliro, kuopa kuti angagwe m'njira kopanda womugwira. Amamuuza kuti matenda akula, bwerani msanga, ndipo akafika amamukhazika pansi. Koma mwambowo umati bwerani. Ine palibe anandiuza kuti bwerani. Anatenga theka lobisa n'kutaya theka loitana, poti tikiti inali ndi tsiku lake, ndipo parishi inali ndi ulemu wake woti iuteteze kunja.

Amalume a amuna anga analankhula motalika. Anati shuga anakwera mpaka kumtima, madokotala anayesetsa, bambo mfumu anafika n'kuwadzoza mafuta. Anati thupi silikanadikira chifukwa cha bala lija. Anawaika tsiku lomwe ine ndinkavina.

Sindinalire nthawi yomweyo. Ndiye a wapampando anakonza kukhosi n'kuyamba lipoti lawo.

"Ife akuluakulu tinaugwira bwino mtolowu," anatero. "Uthenga utandipeza, ndinakauza akuluakulu a msonkhano kuti atipempherere. Ndinawafotokozera kuti kwathu wapaulendo sauzidwa, ndipo iwo anauza magulu onse kuti pasapezeke wotsina mayi khutu. Azungu aja anadabwa nawo mwambo wathu. Mayiwa anatiimirira bwino, mpaka anawatchula pa ulaliki wotsekera."

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa keke ija, misozi ya mayi wa ku Brazil, ndi mayi wosatchulidwa dzina amene ndinamuombera m'manja. Anthu a m'maiko onse aja ankadziwa kuti ndine wamasiye, mpaka wotumikira tiyi. Ankandionera ngati mbuzi imene yagulidwa kale koma ikudyabe msipu. Ndinawada a wapampando pamphasa pomwepo, ndipo chidanicho ndachiulula kangapo kwa bambo mfumu koma sichinachoke.

Alamu anga anadikira kuti amuna amalize. Kenako anatulutsa foni ya mdzukulu wawo n'kuiika pamphasa patsogolo panga. Munali ine, chitenje chili m'chiuno, ndikuliza nthungululu.

"Tinaonera kumanda kumene," anatero. "Dothi lisanathe n'kukwiriridwa, achinyamata anali akupatsirana. Mlongo wanga akulowa pansi, mkazi wake akudula chiuno kwa azungu. Mwavina bwino, alamu."

"Simunandiuze ndinu."

"Mkazi weniweni sachita kuuzidwa. Thupi limamuuza lokha."

Amayi ena amene ndinkawatsogolera ku tchalitchi anali pomwepo. Anangoweramitsa mitu. Mmodzi ndinamuona akubisa kumwetulira m'chitenje, ndipo dzina lake ndikulisunga.

Kumeta anali atameta kale. Ndinapempha kuti nanenso andimete, alamu anga anati lumo linabwezedwa kwa mwini wake. Kumanda anandiperekeza mwana wanga ndi amayi awiri okalamba. Nkhata za maluwa zinali zitafota. Panali ya ana, ya abale, ya mphakati, ndi ina imene anati anaika m'malo mwanga. Sindinafunse kuti anaika ndani.

Pobwerera amayi okalamba aja anatsogola, ine ndi mwana wanga tinatsalira m'mbuyo pafupi ndi chigafa cha bambo ake. Fodya wa chaka chimenecho anali akadali mmenemo, wosasankhidwa. Mwanayo sanandiyang'ane m'maso chifikire, ndipo ndinaona kuti pali chimene chikumudya.

"Tandiuza," ndinatero. "Bambo ako anakomoka liti?"

"Sanakomoke, amayi."

"Nanga bwanji sanayimbe tsiku lija?"

Anakhala pa chipika n'kuyamba kulira. Ndinamusiya alire. Atatha anafotokoza kuti tsiku lomalizalo bambo ake anadzuka ali ndi nzeru zawo zonse. Anadziwa okha kuti akupita, ndipo atadzozedwa mafuta anapempha foni. Azakhali ake anayamba atulukira panja kukayimbira a wapampando, ndipo anagwirizana kuti ndikamva mawu awo ndizindikira, ndisokoneza msonkhano. Atabwerera anaitenga foniyo n'kuimangirira pa nsonga ya chitenje.

"Anawauza kuti yatha moto," anatero mwanayo. "Bambo anati ndipite ndikatchajitse pa sitolo. Azakhali ananditsinzinira diso, ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa wodi, kenako ndinabwerera n'kunena kuti magetsi azima."

"Ndiye anakhulupirira?"

"Ayi. Inu munayimba nthawi yomweyo. Inalira m'chitenje mwa azakhali, bambo akumva. Anati, ndi amako amenewo, ndipatseni, ndinawalonjeza. Anatambasula dzanja. Azakhali anaizimitsa."

Ndinamufunsa ngati ananenanso kanthu pambuyo pake. Anati sanalankhulenso ndi munthu aliyense, ngakhale alongo awo atawaitana. Anangotembenukira kukhoma, dzanja lija likadali lotambasula pa bulangete, mpaka madzulo pamene anamwino anabwera kudzalipinda.