Maso a bambo a Tadala anatsala mu kompyuta

Lachiwiri foni ya malemu amuna anga inalira. Ndimaitchajabe, musandifunse chifukwa. Anali mtsikana wa ku yunivesite, Mmalawi mnzathu wofufuza za maso, akufuna bambo a Tadala apitenso akawayeze. Ndinamuuza kuti tinawaika m'manda chaka chatha, mtima wawo unaima. Iye anati, "Pepani mayi. Vidiyo yawo ilipo, ngati mungafune kuiona."

M'mawa mwake ndinakwera sitima ku Balbriggan, kumene timakhala kuno kwa azungu, kupita ku yunivesiteko m'tauni.

Musaganize kuti ndinaona nkhope. Powayeza anawaveka magalasi okhala ndi kamera mkati, ndiye pa kompyuta panali maso okha, aakulu ngati mbale. Ndinawazindikira pompo. Mutu ukatembenuzidwa, masowo ankatsetsereka n'kubwerera mwadzidzidzi.

Mtsikanayo anandifotokozera kuti mkati mwa khutu muli kachiwalo kamene kamakhazika maso malo amodzi mutu ukamayenda. Kwa bambo a Tadala kanawonongeka mbali imodzi. "Akacheuka msanga, chipinda chonse chinkawazungulira," anatero. "Munthu wotere amayenda ngati woledzera."

Inu a kumpingo kwathu ku Blanchardstown, mwamva?

Mukukumbukira Lamlungu lija atanyamula timakapu ta mgonero. Wina anawaitana, iwo n'kucheuka, n'kudzandira, timakapu tonse pansi. Amayi ena kumbuyo kwanga ananong'ona mokweza kuti, "Taonani masowo, ayamba kale m'mawa uno." Akulu a mpingo anakhala pansi n'kuwachotsa pa udindo. Bambo a Tadala atanena kuti ndi chizungulire, a mlembi a mpingo anaseka. "Chizungulire cha m'botolo, achimwene, tonse timachidziwa."

Kuyambira pamenepo ankakhala pa mpando wakumbuyo, pafupi ndi khoma, kuti poimirira azigwira. Sanadandaulepo. Ankati mpingo ndi wa Mulungu.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma pali chimene chimandidabwitsa. Ambiri a ife kuno timagwira ntchito yosamalira okalamba. Gogo wachizungu akadzandira timamugwira mkono, timamukhazika pansi, timaitana nesi tikuthamanga. Koma akadzandira mnzathu wakwathu, timamununkhiza pakamwa. Chifundo chathu chimagwira ntchito tikavala yunifolomu basi?

Pamaliro munabwera ambiri, ndipo munaimba bwino. A mlembi powerenga mbiri ya malemu anati, "Anali ndi zofooka zawo, monga tonsefe." Anthu anagwedeza mitu. Tadala, mwana wathu wobadwira kuno, amamva Chichewa ngakhale sayankha. Tili m'galimoto anandifunsa m'Chingerezi chake ngati adadi ankamwa mobisa. Ndinati ayi. Anayang'ana pawindo. Anaona kuti mawu a mayi ake ndi amodzi, pamene mpingo wonse unagwedeza mitu. Mpaka lero chithunzi cha bambo ake chili m'dirowa, sachitulutsa.

Ndinapempha mtsikana uja kuti andiikire vidiyoyo mu foni, ndikaionetse Lamlungu nthawi ya zolengeza. Anati malamulo a kafukufuku salola kuti ituluke m'chipindamo, koma ndingathe kubwera ndi anthu amene ndawasankha.

Lachisanu ndikupita ndi Tadala, akaone yekha.

M'chipindamo muli mipando itatu. A mlembi, kuchokera ku Blanchardstown basi imafika m'tauni, ndipo Lachisanu ndikudziwa kuti simugwira ntchito. Mubwera kudzakhala pambali pa mwanayu, muwayang'ane bambo ake m'maso, mubwerezenso za botolo zija?