Tsiku Limene Tinasamutsa Nsomba pa Damu la ku Ruaka

Bambo atamwalira, abale awo anatenga nyumba, njinga, makina osokera a mayi, ngakhale mipando ya pabalaza. Sukulu yanga inapitira limodzi ndi katunduyo. Ndinali Folomu 2. Malume, omwe ankagwira ntchito pa ofesi ina ku Gigiri, anandiitanitsa ku Nairobi, ati ndikapitirize maphunziro. Zomwe ndinapitiriza ndi kutsuka galimoto ndi kutsegula geti. Kontirakiti yawo itatha anasamukira dziko lina, ine n'kundisiyira chikwama ndi malangizo akuti ndizipemphera.

Sindikufuna chisoni cha munthu. Ndinachilandira chokwanira kutchalitchi ku Westlands, komwe Amalawi tinkaima panja mapemphero akatha, aliyense n'kumandiuza kuti Mulungu aona. Munthu mmodzi yekha ndiye anandifunsa funso la nzeru. Anali a Chirwa, bambo a mimba yawo omwe Loweruka lililonse ankapita kukawedza.

"Iwe mphwanga, kwanu n'kunyanja?"

"Ayi, ndine wa ku Ndirande."

"Zimenezo usakanene. Kumene ndikukutumizako amakhulupirira kuti Mmalawi aliyense amabadwira m'bwato."

Lolemba ndinakwera minibasi, yomwe kuno amati matatu, mpaka pa Ruaka. Nthawi imeneyo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, panali timagolosale, mabutchala ndi fumbi, kwinako khofi yekhayekha. Damulo linali mkati mwa esiteti ina ya khofi. Analimanga kuti azithirira mbewu, koma mwini wake anaikamo nsomba ndi mabwato kuti anthu a m'tauni azilipira pageti Loweruka ndi Lamlungu. Woyang'anira mabwato anali Mzee Gitau, mkulu wowonda wa chipewa chaubweya, wosakonda kuyankhula. Anandipatsa nkhafi ziwiri n'kundilozera bwato. Ndinazungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu, iye akungondiyang'ana.

"Malawi," anatero m'Chiswahili, "nyanja yanu ija ndi yozungulira?"

Sanandithamangitse. Dzina la Malawi linandikanirira, ndipo ntchito ndinaiyamba tsiku lomwelo.

Mabwato anali a faibala, pulasitiki yolimba ija, apansi pafulati, opanda injini. M'mawa ndinkakapa madzi ndi chigubu chodula pakati, kuona ngati chotsekera cha pansi chalimba, kupaka girisi m'timafoloko momwe mumakhala nkhafi, ndi kuyanika majekete oyandamitsa. Ndinkakumba nyongolotsi kuseri kwa khola la ng'ombe, kumangirira mbedza ndi timitovu, ndi kumasula ulusi womwe ana a mabwana ausokoneza. Nsomba zinali zamitundu itatu. Panali milamba. Panali tilapia, yomwe Amalawi anzathu ankaitcha chambo, kenaka n'kumadandaula kuti si chambo chenicheni. Ndiye panali bulakibasi, nsomba ya kukamwa kwakukulu yomwe imalimbana ndi mbedza mpaka kudumpha m'mwamba. Imeneyi ndiyo inkabweretsa anthu. Lamulo la Mzee linali lakuti bulakibasi yaikulu ukaigwira, ujambulitse nayo, kenaka uibwezere m'madzi, chifukwa ndiyo imaswa. Ine ndinkaona ngati misala. Munthu wagona ndi njala ku Ruaka, wina akuponya ndiwo m'madzi n'kumaseka.

Amene sanagwirepo ntchito padamu amaganiza kuti madzi amangokhala. Chaka chilichonse ikafika Julayi, kuno kukazizira, thambo n'kuchita phulusa osagwa mvula, alendo ankachepa. Manijala wa esiteti ankatsegula vavu ya pansi pa khoma kuti madzi atsike, amisiri amate ming'alu ndi kuchotsa matope pakamwa pa mapaipi mvula ya Okutobala isanabwere. Mapampu othirira khofi nawo ankakoka mbali yawo.

Madzi akayamba kutsika, ntchito yonse imasintha. Kadoko ka matabwa komwe alendo amakwerera kamatsala pamtunda ngati thandala. Bwato ukalisiya pomwe unalimanga dzulo, umalipeza litakhala pamatope, ndiye madzulo aliwonse umalikankhira kutsogolo n'kukhomanso chikhomo. Zitsa za mitengo yomwe inamira pomanga damu zimayandikira pamwamba, ndipo chitsa chobisika pang'ono chimang'amba faibala ngati pepala. Zikaonekera, tinkamangirira chigubu chopanda kanthu pa chitsa chilichonse ndi chingwe chachitali, kuti madzi akadzabwerera chigubucho chidzayandame n'kuchenjeza opalasa. Udzu wa m'mbali momwe tiana ta nsomba timabisala umauma, tianato n'kuthawira pakati pomwe zazikulu zikutidikira. Masiku oyamba nsomba zimadya nyambo mosaganiza chifukwa zapanikizana, owedza n'kumadziona akatswiri. Kenaka madzi amada, nsomba zimasiya kudya, alendo amatukwana iwe ngati ndiwe watsegula vavu.

Ndiye pali matope. Pamwamba amauma n'kung'ambika ngati nthaka ya padambo mu Okutobala. Pansi pake ndi phala. Mzee ankayenda pamalata akale omwe tinkayala motsatizana, ndipo anandiuza kamodzi kokha kuti ndisapondepo popanda lata.

Chakumtunda kwa damu kunali dzenje lakuya, pomwe anakumba dothi lomangira khoma. Bulakibasi zazikulu zinkakonda kumeneko. Madzi akatsika kwambiri, pakati pa dzenjelo ndi damu lenileni pankatuluka kamtunda, dzenje n'kusanduka thamanda lapalokha. Zaka zonse Mzee ankakumbiratu ngalande kuti nsomba zizituluka. Koma mu 2000, chaka chomwe mvula inakana, magetsi n'kumazima mosinthana m'tauni monse, damu linali lotsika kale. Vavu ataitsegula inakanirira, osatsekeka. M'mawa mwake tinapeza kamtunda kali poyera, ngalande yathu ili gwa, thamanda latsekeka.

Kunali chifunga, mphepo kulibe. Nsomba zinali zitatulutsa milomo pamwamba, kusowa mpweya. Manijala anabwera pagalimoto, osatsika n'komwe.

"Zikafa zimenezo sindigulanso zina," anatero. "Mabwato ndigulitsa, inu mukatole khofi."

Kwa Mzee, kumeneko kunali kutha kwa ntchito yomwe anakalambira. Kwa ine, wopanda mapepala abwino, ngakhale khofiyo sakanandilola kutola. Kachipinda komwe ndinkagona kanali kosungiramo nkhafi.

Njira inali imodzi, kusamutsira nsombazo kudamu lenileni. Tinalipo awiri, ndowa ziwiri, kaukonde ka m'manja kamodzi. Mzee anapita kukatenga malata. Ndili ndekha, ndinaona amayi akutsika kuchokera kumalaini a antchito, ena kuchokera ku Ruaka, atasenza mabeseni ndi masaka. Mbiri ya nsomba imayenda msanga. Patsogolo panali Mama Njeri, mayi wamkulu thupi yemwe ankatigulitsa mandazi pageti.

Mtima wanga ndi waufupi, ndipo nthawi imeneyo unali waufupi kuposa lero. Ndinaona anthu akubwera kudzanyamula zomwe si zawo, mutu unatentha. Ndinatola nkhafi n'kuyamba kukuwa m'Chiswahili changa chothyokathyoka kuti achoke, akuba, ndiwaphwanya mabeseni.

"Tamverani mwana wa alendoyu," anatero Mama Njeri kwa anzake. "Ngakhale kutukwana sakutha. Kijana, mnyamata iwe, nsombazi n'za amako?"

Anaseka onse. Iwo ankazungulira m'mbali mwa udzu, pouma. Ine ndinafuna kuwadulira kutsogolo, ndiye ndinathamanga molunjika pamatope.

Mapazi oyamba nthaka inandinyamula. Kenaka inaboka. Ndinalowa mpaka m'mawondo, ndipo pofuna kuzula mwendo umodzi, winawo unapita mpaka m'ntchafu. Ndinalimbana. Kulimbanako n'kumene kunandimiza mpaka m'chiuno. Matope a pansi pa damu amazizira ngati madzi a mufiriji, amanunkha mazira owola, ndipo amakugwira ngati pali munthu pansi akukoka majombo. Kuseka kuja kunatha.

Mzee anafika ndi lata pamutu. Sanathamange.

"Malawi, leka kuvina. Ika nkhafi kumsana, ugone chagada."

"Ndimira!"

"Waimirira ndiye ukumira. Gona."

Kugona pamatope pamaso pa anthu omwe wangowatukwana si chinthu chapafupi. Ndinagona. Thupi linaleka kutsika. Amayi aja anayamba kupatsirana malata, kuyala limodzi patsogolo pa linzake, ndipo amene anakwawa mpaka pomwe ndinali anali Mama Njeri, lata likulira pansi pake. Anamasula nsalu ya m'chiuno, kuipota, n'kundiponyera.

"Gwira, mlonda wa nsomba. Ukaing'amba ugula."

Mzee anandiuza kuti ndizigwedeza mwendo pang'onopang'ono kuti madzi alowe m'mbali, mwendo umodzi kaye. Anakoka amayi angapo, wina atagwira chiuno cha mnzake. Wakumanja unatuluka ndi jombo yake. Wakumanzere unatuluka ndi sokosi yokha.

Ndinkayembekeza kuti Mzee andikalipira. Sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa amayiwo n'kuyankhula nawo m'Chikikuyu, chomwe sindinkamva, koma manja ake ndinawamva. Analoza thamanda, analoza damu, analoza mabeseni. Anakangana pang'ono, Mama Njeri akukweza mawu, mpaka anagwirana chanza. Pangano linali lakuti milamba yonse, tilapia yaing'ono, ndi nsomba iliyonse yomwe yafa kale, n'zawo. Bulakibasi ndi tilapia zazikulu zamoyo azisenzere kudamu.

"Iwe wada kale," anandiuza. "Lowa m'madzi."

Ndinalowa m'thamanda ndi kaukonde, phazi limodzi lopanda nsapato, nditaponda lata lomwe tinamiza m'mphepete. Kusamutsa nsomba yamoyo kuli ndi kachitidwe kake, ndipo ndinakaphunzira tsiku limenelo mano akugundana. Manja azikhala onyowa, chifukwa dzanja louma limachotsa thelezi la pakhungu, nsomba n'kudzachita zilonda. Bulakibasi umaigwira mlomo wa m'munsi ndi chala chachikulu, dzanja lina pansi pa mimba. Suigwira m'makha. M'beseni umathira madzi a m'thamanda momwemo, nsomba zochepa, n'kuvindikira ndi saka lonyowa, chifukwa mumdima imadekha. Ukafika kudamu sukhuthula ngati zinyalala. Umamiza beseni, madzi asakanikirane, ndipo yofooka umaigwira n'kumaiyendetsa m'madzi mpaka ikukankhe yokha ndi mchira. Mbali imeneyo anaima Mzee, madzi ali m'mawondo, pa msinkhu wake.

Amayiwo anapanga mzere pamalata, mabeseni pamutu, madzi akuwatsikira m'khosi m'kuzizira kumene kuja. Ankaimba, ndipo ndikudziwa kuti nyimbo ina inali yonena za ine, chifukwa mawu akuti Malawi ankamveka pafupipafupi. Dzuwa litatuluka masana, zinthu zinaipa. Madzi a m'thamanda tinali titawavundula, ndipo nsomba zinayamba kutembenuza mimba mofulumira kuposa momwe ndinkatolera. Zambiri zinafera m'manja mwanga. Ina yaikulu, yomwe alendo anaijambulitsa kangapo, inafera m'beseni ili pakati pa njira. Ndinaona mtsikana wina akulowetsa yamoyo m'saka la milamba. Ndinatsegula pakamwa, Mzee anandipenya kuchokera kutali, ndinatseka.

Pomwe tinkamaliza, zala zanga sizinkapindika, chala chachikulu chitachekekachekeka ndi timano ta nsomba. Mama Njeri anandipatsa tiyi wa m'fulasiki yake ndi mandazi ozizira.

"Mawa udzatithamangitsenso," anatero.

Ndinati asante, mama. Madzulo ake Mzee anandigawira mlamba pa gawo lomwe amayiwo anamusiyira, ndipo ndinadya nsomba ya m'damu limenelo koyamba popanda kuba.

Vavu anaikonza. Mvula ya chaka chimenecho inabwera yonyinyirika, damu silinadzaze, ndipo owedza anadandaula nyengo yonse kuti nsomba zachepa. Zinachepadi. Koma tsiku lina m'mawa Mzee anandiitana m'mbali mwa udzu womwe unali utamiranso, n'kundilozera kamtambo kakuda ka tiana ta nsomba, bambo wawo akuzungulira pansi kutilondera. Manijala mabwato sanagulitse. Ndinagwira pamenepo zaka zina zingapo, ndipo ntchito ya maiwe a nsomba yomwe ndimadyera lero ndinaiphunzira kwa mkulu ameneyo, yemwe sanandifunsepo satifiketi.

Mkwiyo sunandithere, ndisakunamizeni. Koma kuchokera tsiku lija, ndikaona anthu akubwera ndi mabeseni pomwe ine ndili ndi ndowa ziwiri, ndimayamba ndafunsa zomwe angasenze ndisanatole ndodo. Ndipo pansi pomwe madzi achokapo posachedwa sindipondapo popanda lata, ngakhale paume bwanji.

Mzee Gitau anamwalira, ndinakaponya nawo dothi kwawo. Khofi uja anazulidwa, esiteti anaidula mapuloti, ndipo pomwe panali thamanda pano pali nyumba zosanjikizana. Anthu onse a pamalo paja ndilibe nawo mlandu, anandipatsa zoposa zomwe ndinawapatsa. Damu lokha ndilo silinandibwezere changa: jombo imodzi, yakumanzere.