Tsiku Limene Jonasi Anakankha Galimoto

Mukamva anthu a ku Kabudula akunena kuti "wathamanga ngati Jonasi," musaganize kuti akukamba za chimunthu cha miyendo italiitali. Jonasi Mbewe anali kamunthu kakafupi, kamatewe, koti pampando wa galimoto ankayalapo ziguduli ziwiri kuti aziona kutsogolo. Koma akangogwira chiwongolero, ha! Ngakhale nkhuku za m'mbali mwa msewu zinkathawa zisanamuone.

Kwawo kunali ku Nsaru. Kuyendetsa anakaphunzirira ku usilikali wa Keyala pa nthawi ya nkhondo, ndipo atabwerako anakwatira Sabina n'kukakhala chikamwini m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu, pakati pa Kabudula ndi Nambuma. Ntchito anaipeza pa esiteti ya fodya cha ku Namitete, kwa mzungu amene antchito ankamutcha Chimimba. Dzinalo silinali lonamizira.

Masiku amenewo azungu olima fodya ankati akagulitsa fodya wawo, mu Seputembala ankapikisana ndi galimoto zawo zomwe zija zoyendera masiku onse. Ankanyamukira ku Lilongwe, kudzera ku Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula, Nambuma, n'kubwereranso ku Lilongwe. Chimimba anali ndi mwendo wouma, sakanatha kuponda mabuleki, koma chikho cha wopambana ankachifuna koopsa. Ndiye anati Jonasi aziyendetsa, iye azikhala pambali ndi wotchi m'manja. Azungu anzake anaseka mpaka misozi.

Jonasi sanaseke. Lamulungu lililonse akatuluka ku Misa ankakwera njinga n'kumayenda mumsewuwo, lero chigawo ichi, sabata yamawa chigawo china. Ankatsika n'kuponda mchenga ndi phazi kuti amve kuya kwake. Ankagogoda mitengo ya pamilatho. Dzenje lililonse ankalidziwa monga mmene mayi amadziwira zipsera za mwana wake. Mu 1954 anafika ku Lilongwe anzake onse akudya fumbi lake. Koma pachikho paja analembapo dzina la Chimimba, munthu amene ntchito yake inali kungotuluka thukuta ndi kukuwa. Ine zimenezi zimandinyansa mpaka lero.

Tsoka linabwera chaka chotsatira. Jonasi anali atagona ku esiteti sabata yathunthu akukonza galimoto, moti za kumudzi sanazimve. Tsiku la mpikisano, ali patsogolo pa onse, atangodutsa Kabudula, anaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu. Aliyense amadziwa tanthauzo lake: pali maliro. Wapanjinga amatsika n'kukankha mpaka atadutsa nthambi zachiwiri, wachipewa amavula, wagalimoto amayenda ngati akuponda mazira. Phazi la Jonasi linapita lokha pabuleki.

"Ponda moto, iwe! Ponda!" anakuwa Chimimba, akumumenya paphewa ndi chipewa.

Jonasi anaponda moto. Nthambi zinauluka, ndipo fumbi lofiira linakwirira amayi olira, adzukulu ndi chithatha chimene anali atangochinyamula. Anazindikira atadutsa kale kuti unali mudzi wake womwe, ndipo wogona pachithathapo anali mayi ake aakulu a Sabina.

Chikho anapambananso, koma kumudzi anakapeza nkhope zili gwa. Anapita ndi tambala kukapepesa kwa a Abrahamu, malume ake a Sabina, amene anali mwini mbumba. Iwo tambalayo sanamuyang'ane n'komwe.

"Akamwini, mwatiika m'manda tonse tili amoyo," anatero a Abrahamu. "Fumbi lija silichoka ndi nkhuku. Khasu la kumanda musadzaligwirenso pamudzi pano. Tsiku lanu likadzafika, idzakukumbirani ndi galimoto yanuyo."

Amene sanakhaleko kumudzi angati ndi nkhani yaing'ono. Si yaing'ono ayi. Maliro n'kulirana. Munthu woletsedwa khasu ndiye kuti pakhomo pake pakadzagwa zovuta adzalira yekha. Chaka chonsecho Jonasi sanaphonye maliro ngakhale amodzi. Ankafika woyamba, n'kukhala kumapeto kwa amuna, chipewa pabondo. Akatambasula dzanja kuti alandire khasu, khasulo linkamulumpha n'kupita kwa wina. Ankabwerera kunyumba manja ali oyera, ndipo manyazi ake ankamuwawa kuposa matuza.

Mu 1956 Chimimba anamuitana pakhonde. "Ukapambana kachitatu, chikho chikhala chathu mpaka kalekale," anatero, "ndipo ndikalembetsapo dzina lako." Jonasi anali atadikira mawu amenewo zaka ziwiri.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uchitike, Sabina anafika ku esiteti wapansi, mwana kumsana, mapazi ali mbuu.

"Abambo a Rhoda, amalume atisiya m'mawa uno," anatero. "Tiika mawa. Musadutse pamenepo ndi chinthu chanucho, chonde. Ana athu amadwaladwala. Zikadzatigwera, adzabwera ndani pakhomo pathu?"

Jonasi anapitiriza kupukuta sipanala yomwe inali yoyera kale. Munthu amene akanamukhululukira anali atapita ndi mawu ake m'kamwa.

"Msewu ndi umodzi, mayi a Rhoda," anatero pomaliza. "Ndidutsa. Koma simudzachita nane manyazi."

M'mawa mwake anayendetsa ngati munthu wothawa moto. Ankadziwa chimene chinkamudikira kutsogolo, ndiye ankafuna kusiya anzake kutali ndithu. Pa Mpingu anali wachinayi. Pa Namitete anali wachiwiri. Pamchenga wa ku Nsaru, pamene ena ankatitimira, iye anadzera m'mphepete momwe anapondamo ndi phazi lake, n'kutsogola. Pofika ku Kabudula, Chimimba anayang'ana wotchi n'kuyamba kuimba: anali atawasiya ndi mphindi zisanu ndi imodzi.

Kenako nthambi zija zinaoneka.

Jonasi anaima zisanagundidwe, n'kuzimitsa injini. Anatsika, anavula chipewa n'kuchiponya pampando. Dzanja limodzi analowetsa pawindo kugwira chiwongolero, phewa anatsamiritsa pachitseko, n'kuyamba kukankha galimoto monga mmene munthu amakankhira njinga.

"Wapenga? Lowa! Ndikuchotsa ntchito!" anakuwa Chimimba.

"Pali maliro, bwana," anatero Jonasi. "Musakuwe."

Tangoganizani: kamunthu kamatewe, galimoto yachitsulo, mkatimo muli Chimimba yense wathunthu, ndipo msewu pamenepo ndi wokwera pang'ono. Mawilo ankangoti sendee, sendee. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, nsapato zinkaterera m'fumbi, koma sanasiye. Amuna a pamaliro anali atakhala pansi pa mitengo ya mango, akungomuyang'ana. Nyimbo ya amayi inayamba kuzilala mpaka inatheratu. Galimoto ina inafika, inatsika liwiro poona khamu la anthu, n'kudutsa. Inafikanso yachiwiri, nayo n'kudutsa. Jonasi sanadzutse mutu.

Woyamba kuimirira anali Stanislaus, mlamu wake, amene tsopano udindo wa mbumba unali utamugwera. Anayenda pang'onopang'ono, n'kuika manja kumbuyo kwa galimoto. Anabwera wina, kenako wina, mpaka amuna asanu ndi atatu. Chimimba anatseka pakamwa, ndipo mwina ndi manyazi, nayenso anavula chipewa. Atadutsa nthambi zachiwiri, Stanislaus anapukuta manja pathalauza.

"Pitani, alamu," anatero. "Mwachedwa kale."

Zimene Jonasi anachita kuchokera pa Nambuma, okalamba amazikambabe. Galimoto imodzi anaipitirira pamlatho wa mitengo, malo oti munthu wanzeru sangayerekeze. Inayo anaisaka mpaka m'tauni, fumbi lake likumulowa m'mano, ndipo pamzere womalizira mphuno ya galimoto yake inali pafupi ndi chitseko cha mnzakeyo. Anakhala wachiwiri. Chikho chinapita kwa mwini esiteti wina wa ku Kasiya, ndipo Chimimba anasunga lonjezo limodzi lokha, lomuchotsa ntchito lija. Jonasi sanalowenso mpikisano. Zaka zotsatira ankayendetsa lole ya ku mishoni, ndipo dzina lake silinalembedwe pachikho chilichonse.

Koma tsiku lomwelo sanadikire kuona wina akunyamula chikho. Anakwera lole ya chimanga yobwerera ku Kabudula, n'kuthamanga wapansi kuchokera pamsewu mpaka kumanda. Anapeza mtembo wa a Abrahamu atautsitsa kale, amuna akulandirana makasu kukwirira. Anaima kumapeto monga mwa masiku onse, akupuma wefuwefu, ndipo ulendo uno dzanja sanatambasule n'komwe. Anali ndi mantha.

Stanislaus anakoka dothi katatu, anaweramuka, n'kudutsa amuna onse amene ankadikira. Anatembenuza khasu, mpini n'kulozetsa kwa Jonasi.

"Alamu, kodi mwangoima bwanji?" anatero. "Amalume anu akudikira dothi lanu."

Jonasi analandira khasulo ndi manja awiri, ndipo munthu amene sanalirepo ngakhale kunkhondo anakwirira manda akulira ngati mwana.