Ovolosi ya Amai Tembo

Ntchito yanga yoyamba ndinaimvera pa siteshoni ya mabasi ku Katete, ndikugulitsa nthochi. Msuweni wanga anatsika basi ya ku Lusaka atanona masaya, n'kundiuza kuti ku bwalo la ndege akufuna azimayi oyeretsa m'ndege. Chaka chimenecho thonje linali litatigwiritsa fuwa lamoto. Amuna anga a Yohane anangoti, "Pita, munda ndilima ndekha." Ndinapitadi, ine amene ndege ndinkangoionera m'mwamba ikamadutsa kwathu pa Mkaika.

Kumeneko ndinapeza kuti oyeretsa tili mitundu iwiri, ngakhale ntchito ndi imodzi. Panali olembedwa ndi kampani ya ndege, a m'yuniyoni, ndiye panali ife a kontirakiti, obwerekedwa ku kakampani kena kwa miyezi yowerengeka. Poyamba ndinkadziyesa wochenjera. Anzathuwo ankawadula ndalama ya yuniyoni ndi ya penshoni mwezi ndi mwezi, pomwe ife tinkalandira yathu yosabenthuka, mpaka tinkawaseka. Zinazo ndinaziona pang'onopang'ono. Iwo akadwala ankapita ku kiliniki ya kampani malipiro osakhudzidwa, ife ukadwala ndiye kuti tsikulo wadya. Maliro akagwa kumudzi, iwo ankapatsidwa masiku ndi bokosi lomwe. Mzimayi wa yuniyoni akakhala ndi pakati ankapita kukachira n'kudzapeza malo ake ali pomwepo. Ife mimba ikangooneka, dzina linkasowa pa mashifiti popanda wokuuza chifukwa.

Ntchito yake inali ya liwiro. Ndege ikatera, anthu n'kutsika, tinkakwera masitepe akumbuyo ndi mabaketi, magolovesi, matumba akuda a zinyalala ndi huva, makina oyamwa fumbi aja oberekera kumsana. Wina achotse zinyalala m'matumba a mipando, wina apukute timatebulo, wina apingase malamba pampando uliwonse, wina alowe m'zimbudzi ndi mankhwala a buluu onunkha mpaka m'mutu. Okwera atsopano amakhala akudikira kale pageti.

Wamkulu pagulu lathu anali amai Tembo a ku Sinda, a m'yuniyoni, thupi lodzaza khomo la ndege, pakamwa ngati lumo. Akakwiya ankakalipa m'Chinsenga. Tsiku loyamba anayang'ana pansi pa mipando yomwe ndinasesa n'kunena kuti, "Iwe wa ku Katete, kwanu mumapalira chonchi, kusiya udzu m'mbali?" Ndinkawaopa kwambiri.

Pa Isitala ndinapita kumudzi, ndipo pobwerera ndinali woyembekezera, mimba yoyamba. Ndinakondwa, komanso mantha anandigwira. Ndikachotsedwa kontirakiti isanathe, mwanayo ndimulandira ndi chiyani? Ndiye ndinayamba kumanga chitenje cholimba m'kati mwa ovolosi. Kwathu mimba sailengeza mwini wake, ndipo mlendo saitchula. Amaiona ndi akuluakulu. Ine ndinkati ku Lusaka kulibe akuluakulu oti angaione.

M'mawa wina amai Tembo anandiponyera ovolosi yaikulu. "Yakoyo ikukuonetsa ngati soseji, ukutichititsa manyazi. Vala iyi." Sabata yomweyo anandilanda huva, ati ndimasiya fumbi, n'kundipatsa malamba ndi timatebulo. M'zimbudzi anandiletsa, ati sindidziwa kutsuka. Ndinawasungira chakukhosi, ndikuti mayi awa andida.

Tsiku lovuta linafika mu Okutobala. Ndege inatera mochedwa, mnzathu wina sanabwere, ndipo supavaiza wathu a Mulenga anakwera okha kudzagawa ntchito. Analoza ine: "Iwe, kumatoileti." M'ndege yozimitsa injini masana a Okutobala mumatentha ngati mu uvuni ya njerwa. Ndinagwada m'kachipinda kaja, chitenje chikundifinya, fungo la mankhwala likukwera. Ndikukumbuka burashi ikugwa m'manja, basi.

Ndinatsitsimuka ndili pampando wakutsogolo, wa mabwana uja, koyamba m'moyo wanga. Amai Tembo ankandikupiza ndi kadi la malangizo a ngozi, dzanja lina litamasula kale mfundo ya chitenje m'kati mwa ovolosi. A Mulenga anaima pamutu panga.

"Uyu ali na mimba?"

Amai Tembo sanatembenuke n'komwe.

"A Mulenga, kwathu mwamuna safunsa funso limenelo. Funsani lanu: ndege yayera kapena sinayere?"

Inali itayera. Azimayi a yuniyoni aja, omwe ndinkawaseka kuti amadulidwa ndalama, anali atagawana zimbudzi zanga. A Mulenga anasuzumira uku ndi uku, anayang'ana wotchi, n'kutsika masitepe.

Titatsala awiri amai Tembo anati, "Sindikunamiza, mwana wanga, yuniyoni ilibe mawu pa iwe. Koma manja awa ndi anga." Mawu oti mimba sanawatchule tsiku limenelo, ngakhale tsiku lina lililonse. Ndinalira, manyazi ndi chikondi zitandigwira pamodzi.

Ndinagwira mpaka kontirakiti inatha. Ina sanandipatse, ndipo zinandiwawa, chifukwa mnzanga wa yuniyoni amene tinkayembekezera nyengo imodzi anabwerera pantchito mwana wake atakhwima khosi. Ine ndinachirira ku Katete, mwana wamkazi. Amai Tembo atatenga tchuthi anapitirira Sinda wawo n'kudzatsikira kwathu. Anamunyamula mwanayo, anamunena kuti mphuno ndi ya a Yohane, tsoka lake, n'kumupatsa dzina lawo, Esinati. Ndi pomwe anaulula akuseka kuti ovolosi yaikulu ija inali yawo, ndipo kampani inkawapatsa maovolosi awiri okha pachaka. Miyezi yonse ija ankachapa imodzi madzulo n'kuivala m'mawa, nthawi zina isanaume.

Lero ndili ndi kalesitilanti pafupi ndi msika wa Katete. Achinyamata akamandifunsa za ntchito za m'tauni ndimawauza kuti asamangofunsa za malipiro a pamwezi, azifunsanso kuti tsiku lomwe adzagwe adzawadzutsa ndani. Mwezi wathawu ndinaona epuloni ya Mailesi, mtsikana wondithandiza kuphika, yayamba kumuthina, iye akuyenda chobisa. Sindinamufunse kanthu. Ndinamukalipira kuti amawononga nkhuni, n'kumuchotsa pamoto kuti azilandira makasitomala. Madzulo ake ndinatenga singano n'kulumikiza zingwe za epuloniyo kuti zitalike.