Ndinadumpha Masamba a Maliro Nditavala Wotchi

Inu owerenga, ine ndine munthu wosataya pepala. M'bokosi langa lachitsulo muli chiphaso cha ubatizo wanga, khadi la kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia, ngakhale resibo, lisiti yogulira njinga imene inatha kalekale. Zaka makumi atatu ndinali mlembi pa sekretariya, ofesi ya sukulu, kuno ku Fingoe, ndipo palibe amene anandipezapo ndi nambala yolakwika. Koma lero ndikuvomera pamaso panu kuti ndinalakwa kulakwa kwakukulu, ndipo umboni wake ndinausunga ndekha, uli m'bokosi momwemo.

Mkazi wanga atamwalira zaka zinayi zapitazo, nyumba inandikulira. Ana ali kutali, wina ku Tete, wina ku Beira. Kuchipatala anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, choncho ndiziyenda m'mawa uliwonse. Ndi mmene ndinayambira kuyenda ndi a Tembo, mlimi wa m'mudzi wina wa m'mphepete mwa msewu wopita ku Chipera. Tinadziwana ku Zambia nthawi ya nkhondo, tinabwereranso kwathu chaka chimodzimodzi. Ndinkanyamuka kukacha, kuwapeza atandidikira pa mtengo wa masau wa pakhomo pawo, makilomita asanu kuchokera kwanga, n'kupitirira limodzi. Pang'onopang'ono kuyenda kuja kunasanduka kuthamanga. Anthu ankatiseka, nkhalamba ziwiri za makabudula. Koma tinkaima paliponse. A Tembo sadutsa munthu osamufunsa za ana, za ng'ombe, za mwendo umene unkapweteka mwezi watha. Pobwerera, akazi awo, a Nabanda, ankatipatsa madzi ndi mbatata yootcha.

Mwana wanga wa ku Tete ndiye anandiuza pa telefoni kuti mumzinda mudzakhala maratona, mpikisano wothamanga makilomita makumi anayi ndi awiri, ndipo okalamba amaloledwa. Anati pokonzekera pamafunika wotchi ya GPS, imene imauza munthu mtunda umene wathamanga, liwiro lake, ndi kugunda kwa mtima wake. Mtima wanga wa ulembi unakondwa. Chinthu cholemba zonse popanda kuiwala!

Musaganize kuti ndinagula mwachimbulimbuli. Ndinalemba mafunso anga papepala, ndipo pepalalo ndikadali nalo. Bateriya imakhala masiku angati, poti ine magetsi ndimadalira painelo ya dzuwa? Kodi wotchiyo imadziwabe pamene munthu ali akalowa pakati pa mapiri? Imapirira fumbi ndi mvula? Manambala ake ndi aakulu oti maso a nkhalamba n'kuwaona? Imasunga mbiri ya masiku angati? Ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, mpaka ku Tete, tsiku lathunthu la mabampu ndi fumbi, pepala lili m'thumba la malaya.

Mu loja, sitolo ya mawotchi, mtsikana wogulitsa anandiyalira mawotchi atatu. Yoyamba ndinaikana msanga chifukwa bateriya yake siinkafika masiku awiri. Panatsala yakuda ndi yotuwa. Mtsikanayo anatola yakuda ija.

"Iyi ndiye yanu, madala. Mukaima, nayonso imaima yokha. Mukakumana ndi mnzanu panjira, chezani bwinobwino, siikuwerengerani."

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti buku lokhala ndi mipata ndi buku labodza, ndipo mlembi amene amatseka buku akafuna kucheza ngoyenera kuchotsedwa ntchito. Ndinasankha yotuwa, yowerenga mphindi iliyonse, yolira ngati nkhululu ikaona kuti munthu wachepetsa liwiro. Mtsikanayo anandionetsa kabatani ka m'mbali koimitsira ndi chala. Ndinati kameneko sindidzakakhudza. Iye anaseka n'kundifunsa kuti, "Kodi kwanuko kulibe anthu opatsa moni?" Ndinaliona ngati funso lachipongwe. Pa mafunso onse a tsiku limenelo, lanzeru linali lokhalo, ndipo silinali papepala langa.

Wotchiyo inachita zonse zimene inalonjeza, zimenezo sindingainamizire. Madzulo aliwonse ndinkakopera manambala ake m'kope la chikuto cholimba: tsiku, mtunda, mphindi, kugunda kwa mtima. Pasanathe mwezi ndinaona chimene chinkaipitsa manambala anga. Anali a Tembo. Iwo akaima kuti afunse za mbuzi yotayika, wotchi inkalira, mphindi n'kumapita. Tsiku lina ndinapita nalo kope lija pansi pa masau n'kuwaonetsa kuti sabata imeneyo tinataya mphindi makumi awiri ndi zitatu pa moni wokha.

Anayang'ana kopelo, anayang'ana mkono wanga, kenaka anati, "Achimwene, kanyama kanu ka pamkonoka kali ndi abale? Kakadzafa adzakalira ndani?"

A Nabanda anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. M'mawa mwake a Tembo ataima kupatsa moni amayi ena osenza nkhuni, ndinapitirira. Sanandithamangire. Masiku otsatira ndinkawapezabe pa masau, ine n'kungokweza dzanja. Kenaka pa masau panalibenso munthu. Manambala anga anakongola kwambiri.

Ndinamva kumsika kuti a Nabanda akudwala, anawatengera kuchipatala kawiri pa mota, njinga yamoto. Ndinalemba m'kope kuti ndikawazonda ndikangomaliza kuthamanga kwakukulu. Mawu amenewo alipo, ndinawalemba ndi inki yofiira.

Kuthamanga kwakukuluko kunali kwa makilomita makumi atatu ndi awiri, kutatsala masabata atatu kuti mpikisano uchitike. Linali Loweruka. Popita ndinadutsa mudzi wa a Tembo kuli zii, utsi ukungoyamba kutuluka m'makhitchini. Pobwera, dzuwa litakwera, miyendo itayamba kuuma, ndinaona patsogolo panga nthambi zaziwisi zitayalidwa mopingasa msewu.

Inu owerenga, simukufunika kuuzidwa tanthauzo la masamba pamsewu. Mwana woyamwa amadziwa kuti pamenepo pali maliro. Wapanjinga amatsika n'kuikankha, wamota amazimitsa injini, mwamuna amavula chipewa, ndipo aliyense amayenda pang'onopang'ono mpaka atadutsa masamba achiwiri. Ine ndemwe ndinakalipirapo anyamata okumba golide pamene anadutsa pa maliro a mkazi wanga wailesi ikulira pa mota.

Ndinachepetsa liwiro. Wotchi inalira. Ndinayang'ana pamkono n'kuona kuti ndinali ndisanathamangepo bwino chotere m'moyo wanga, ndipo panangotsala makilomita asanu. Kabatani kaja kanali pomwepo, pansi pa chala changa chachikulu. Ndinadumpha masamba aja, chipewa chili kumutu, miyendo ili m'mwamba.

Azibambo anali atakhala m'mbali mwa msewu. Wina anafuula kuti, "Madala! Pali zovuta pano!" Ndinamva kulira kwa amayi. Ndinaona anthu atadzaza pansi pa masau. Kwa miyezi ingapo ndinkauza aliyense kuti sindinadziwe kuti maliro anali a yani. Linali bodza. Mtengo umene uja ndinkaudziwa kuposa mtengo wina uliwonse m'boma lino la Maravia.

Nditafika kunyumba, ndisanasambe n'komwe, ndinakopera manambala m'kope. Kenaka ndinavala jekete lakuda n'kubwerera wapansi. Pa benchi ya azibambo panali malo, koma palibe amene anasuntha. Ndinagwada pafupi ndi a Tembo kuti ndipepese imfa ya a Nabanda. Sanakweze mawu, sanandiyang'anenso kumaso.

"Mayi amene mwawadumpha m'mawa uja ndi amene anasambitsa mkazi wanu. Anagona m'nyumba mwanu masiku anayi. Kaya zimenezo munazilemba."

Sindinazilembe. M'bokosi langa muli mndandanda wa nyimbo zimene zinaimbidwa pa maliro a mkazi wanga, muli chikalata cha imfa chodindidwa bwinobwino, koma dzina la amene anasambitsa thupi lake mulibe.

Mukuganiza kuti ndinadzichepetsa pomwepo? Ayi. Ndinakwiya. Ndinakwiyira mtsikana wa mu loja, ndinakwiyira amene anayala masamba pamsewu wa boma, ndinakwiyira akhristu anzanga amene Lamulungu lotsatira anasiya mpata waukulu pakati pa iwo ndi ine. Ndinalemba kalata ya masamba atatu kwa akuluampingo, yofotokoza kuti mwambo sunena chilichonse za munthu wothamanga wapansi, umangonena za njinga ndi mota. Ndinaphatikizapo manambala a tsiku lija kuti aone kufunika kwa zimene ndinkachita. Mkulu wina, amene ndinaphunzira naye sukulu, anandibwezera kalatayo pamanja. Analoza mzere wa kilomita ya makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri n'kunena kuti, "Apa ndi pakhomo pa a Tembo. Taonani, mpamene munathamanga kwambiri kuposa pena paliponse." Ndinayang'ana. Zinali zoona. Wotchi yanga siinama.

Ku maratona ndinapita, ndipo ndinamaliza. Anandiveka mendulo, anandipatsa setifiketi yokhala ndi dzina langa lolembedwa molondola. Mwana wanga anali kuntchito tsiku limenelo. Ndinakhala pamwala m'mbali mwa msewu, dzuwa la ku Tete likundiwotcha, ndikuona anthu ena akukumbatiridwa ndi abale awo. Ndinatulutsa telefoni kuti ndiuze munthu. Panalibe woti ndimuimbire. Munthu yekhayo amene akanamvetsa tanthauzo la makilomita amenewo pa miyendo ya nkhalamba anali atakhala yekha pansi pa masau, akuphunzira kudziphikira.

Tsopano papita chaka. Anthu a kuno sachita phokoso. Ndikapatsa moni amayankha, koma sawonjezera funso. Pakagwa maliro, uthenga umandifika mochedwa, nthawi zina anthu atabwerako kale kumanda. Ndinamva kuti ena amanditchula kuti a Wotchi. Mwezi wa mvula ndinagona masiku asanu ndi malungo. Wotchi inalemba kugunda kwa mtima wanga usana ndi usiku mosalakwitsa, koma pakhomo sipanamveke "odi" ngakhale mmodzi.

Masiku amene aja ndinatsegula bokosi n'kupeza pepala limene ndinalembapo kalekale dongosolo la maliro anga: nyimbo, malemba owerenga, malo a pafupi ndi mkazi wanga. Zonse zili m'malo mwake. Koma ndinadzifunsa kuti adzakumbe ndani. Pepala siligwira khasu. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo ine ndinaulumpha mwambiwo ndi miyendo yanga iwiri.

Choncho inu amene mukufuna kugula wotchi yothamangira, funsani za bateriya, funsani za fumbi, funsani za kukula kwa manambala, zonsezo n'zofunika. Koma funso loyamba likhale lakuti: kodi imadziwa kuima? Ngati siidziwa, phunzirani pamene pali kabatani kake musanatuluke mu loja, ndipo chala chanu chikazolowere. Mphindi zimene mungataye pa moni simudzazifunanso. Munthu amene mungamutaye mudzamufuna.

Ine ndimathamangabe, chifukwa magazi sanasiye vuto lawo. Ndikafika pa masau ndimadina kabatani kaja, ndimavula chipewa, n'kukhala pa muzu. Miyezi yoyamba a Tembo ankangotenga khasu n'kundidutsa. Sabata yatha anatuluka m'nyumba ndi kapu ya madzi, anaiika pansi pafupi ndi phazi langa, n'kubwerera m'nyumba. Ndinamwa onse. Sindikudziwa kuti ndinakhala pamenepo mphindi zingati, ndipo m'kope langa tsiku limenelo pali mpata.