Nsapato Zakuda Zosagulitsa

Aneba anga ndi bambo wachikulire wosoka nsapato pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa njira ya kumafakitale. Salankhulalankhula, ndipo sayang'ana munthu kumapazi asanamupatse moni. Pabokosi lawo pamakhala nsapato zakuda zachizimayi zimene sagulitsa.

Kale anali mesenjala ku ofesi yothandiza amasiye ndi osowa. Kalaliki wa kumeneko ankayamba kuitana ovala nsapato, opanda nsapato n'kutsala pabenchi mpaka nthawi yoweruka. Tsiku lina mayi wa kumtsinje, amene mwamuna wake anamira, anabwera kachitatu, wopanda nsapato, kudzapempha thandizo la ana ake. Aneba anamulowetsa, mkazi wa kapitawo akudikira.

"Ba mudala, wakuuzani ndani?" anakalipa kalaliki.

"Bwana, aba ndiye anayamba kufika. Nanga ufulu uja sitinalandile tonse?"

Mwezi usanathe anawachotsa ntchito. Kalalikiyo akadalipo.

Masiku ano wamasiye akamapita ku ofesiko amayamba wadzera pamtengo paja. Aneba amapukuta nsapato zija n'kumupatsa.

"Valani amai, akuoneni. Mukabweze, mawa kuli wina."

Mulungu andikhululukire, nanenso ndinazivalapo. Zinandithina, koma anandiitana woyamba.