Munthu wa pa Chimbale cha Amalume

Chimbalecho ndikadali nacho, ngakhale chinapindika ndi dzuwa ndipo ndilibe choimbira. Pachikuto pake pali munthu wovala zoyera, mutu uli m'chinthu chonga mphika wagalasi, akuyandama pakati pa nyenyezi, chingwe chili m'chiuno.

Amalume anabwera nacho kuchokera ku migodi ya ku Joni, nyengo ya manachesi. Anabweranso ndi galamafoni ya mabatire, chipewa cholimba cha nyali pamphumi, ndi chifuwa chosatha. Masana, anzawo ali kumsika wa ku Thambani ndi madengu, iwo ankakhala pansi pa mtengo n'kuika singano pachimbale. Zinali nyimbo zachizungu zosavinika. Magitala ankalira ngati lole yokwera chitunda, kenako phokoso longa mphepo m'botolo, kenako zii. Amayi ankati, "Achimwene, imeneyi ndi nyimbo kapena chinthuchi chawonongeka?" Iwo ankangotseka maso.

Ine ndinali ndisanapondeko kusukulu. Ndinaona chipewa cha amalume, ndinaona mutu wa pachikuto, basi m'mutu mwanga zinakhala chinthu chimodzi. Kudambo ndinauza anzanga kuti munthuyo ndi amalume, kuti amauluka, kuti ndinawaonapo. Sindikudziwa ngati ndinkanama kapena ndinkakhulupiriradi. Chimene ndimakumbukira n'chakuti tsiku limenelo anzanga onse anakhala chete kundimvetsera, koyamba.

Manachesi asanathe, mlongo wanga wamng'ono anatentha thupi masiku atatu, n'kumwalira. Pamaliro mawu anga aja anabwerera, atakula: akuti amalume ndi mfiti youluka, ndiwo apha mwanayo. "Wanena ndi mwana wa m'nyumba momwemo," azimayi ankanong'onezana. Titachoka kumanda anandiimika pakati pa anthu, bambo wina atakweza chikutocho m'mwamba.

"Iwe, uyu ndani?"

Ndinayang'ana amayi. Maso awo anali otupa, sanandiyang'ane. Ndinaloza amalume.

Iwo sanakane za ufitizo. Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anati, "Musamuopseze mwanayo." M'mawa mwake analowera ku Zobue, kutsidya kwa malire, wapansi, galamafoni ili pamutu. Chimbale anachisiya pamphasa yanga. Sitinamvenso za iwo.

Kuwerenga ndinaphunzira ndili kale ndi ana, kusukulu ya kwacha. Tsiku lina ndinatengera aphunzitsi chikutocho. Anati nyimbozo zimakamba za anthu amene anakwera chombo kupita ku nyenyezi, njira yobwerera kwawo n'kuwasokonekera. Anaseka. "Kodi abambo, mumakonda nyimbo za rock?" Ndinangolandira chikuto changa.

Nthawi ija ndinkaganiza kuti munthu womvera nyimbo za kumwamba ndiye kuti amapitako. Sindinkadziwa kuti amalume anatha zaka akutsitsidwa ndi chingwe pansi pa nthaka, mumdima, mpweya uli woperewera, kwawo kuli kutali. Zimenezo ndinadzazimvetsa. Koma chimbalechi, kaya anandisiyira pondikhululukira, kaya kuti ndisadzaiwale, ndakalamba ndisakudziwa.